Kunjenjemera kwa Pikapu ya Yotamu

Kankhirani chikuni icho pamoto, ndikuuzeni za Yotamu wa ku Lizulu ndi pikapu yake. Inu mwakhala cha kumsewu uko sendererani kuno, chifukwa nkhaniyi ikafika pakati mudzasendera nokha mopanda kukuitanani.

Yotamu ankagula tomato m'madimba a ku Ntcheu n'kukagulitsa ku Blantyre. Kulimbikira ntchito anali nako, zimenezo sitingamulande, koma kukayikira anzake kunali matenda ake. Ukamupatsa moni ankayamba wagwira m'thumba kenako n'kuyankha. Pikapu yake yoyera ankaisamala kuposa mmene ena amasamalira ana, ndipo anaiikira lamulo limodzi lakuti sinyamula maliro. Ankati amayi a mumsika akangomva kuti tomato wagona pamene panagona bokosi, palibe angagule ngakhale mulu umodzi.

Chaka chimenecho mvula itangosiya, Yotamu anasiya pikapu kwa mlamu wake Filimoni, makaniko wa pa Lizulu pomwepo, kuti aisinthe oilo. Iye anakwera basi kupita ku Mzuzu kukafuna ogula atsopano. Ali komweko, mkazi wake Esinati anamuimbira foni kuti malume ake a Yotamuyo, a Biziwiki, atisiya kuchipatala cha paboma. A Biziwikiwa ndi amene analera Yotamu mayi ake atamwalira. Anali nkhalamba yosuta chingambwe, ndipo akakwera pikapu ija ankakanitsitsa kukhala kutsogolo. Malo awo anali kumbuyo, pakona ya kuseri kwa dalaivala. Liwiro likangokula ankamenya denga ndi chikhatho, amvekere, "Iwe Yotamu, msewu suthawa."

"Abale akupempha galimoto, bambo a Sungeni," anatero Esinati pafonipo. "Kuchoka kuchipatala kukafika kumudzi kwa Chikhasu, basi."

"Anangozo, lamulo langa mukulidziwa. Auzeni a mpingo apeze ina."

"Koma ndi malume anu."

"Ndamva. Ndati apeze ina."

Mmene ankafika kumudzi n'kuti adzukulu atakwirira kale manda. Anamuuza kuti galimoto inapezeka, iye osafunsa n'komwe kuti inali ya yani. Anapepesa abale, misozi pang'ono inagwa, kenako anabwerera ku tomato wake.

Vuto linaonekera pa ulendo woyamba wa ku Blantyre. M'misewu ya fumbi pikapu inkayenda bwinobwino. Koma pa phula, muvi wa liwiro ukangofika pa eyite, galimoto yonse inkayamba kunjenjemera ngati munthu wa malungo. Galasi loonera kumbuyo linkavina, mano n'kumagundana m'kamwa. Akachepetsa liwiro, zii. Akapondanso, yayambanso.

Anafika pa galaja ya Filimoni atapsa kale mtima.

"Alamu, ndinakusiyirani galimoto yabwinobwino. Mwaitani?"

"Ine ndangosintha oilo, alamu," anayankha Filimoni akupukuta manja. "Kunjenjemera kwa pa liwiro nthawi zambiri amakhala matayala. Tiyeni tikawabalanse."

Anapita nayo paboma pamene pali makina ozunguza matayala, anamata timitovu pa marimu, koma pobwerera inanjenjemera chimodzimodzi. Filimoni anachotsa matayala a kumbuyo n'kuwaika kutsogolo. Ankati ngati lina lili ndi chotupa, kunjenjemerako kusamukira ku chiwongolero. Sikunasamuke. Anaikweza pa jeke, n'kumazunguza tayala lililonse atagwirizitsa choko m'mbali mwa rimu kuti aone ngati ilipo yopindika, koma mzere wa choko unkatuluka wowongoka. Kenako analowa pansi, anagwedeza shafuti imene imazunguza matayala a kumbuyo, nati mwina kolosi yake, kachitsulo kolumikizira shafutiyo, yatha. Anasintha. Pikapu inangowayang'ana, ikafika pa eyite n'kuyamba gule wake.

Tsono munthu wina akanati galimoto n'chitsulo, imadwala. Osati Yotamu. Iye anali atamva kuti amakaniko ena amachotsa zitsulo zabwino m'galimoto za anthu n'kuikamo zakutha, ndipo nkhani imeneyi inamukhala pamtima. Chitsulo chilichonse chimene Filimoni wachotsa ankachiika m'thumba n'kupita nacho kunyumba kukachitembenuza pa dzuwa. Anagula utoto wofiira n'kudontheza pa mabawuti onse kuti adziwe ngati wina wamasula iye kulibe. Akamadya ankangoti, "Khoswe akakhala pa mkhate sapheka," uku akuyang'ana mkazi wake. Esinati ankangoweramira m'mbale.

Panali tinthu tinanso, ting'onoting'ono, toti munthu ukhoza kutiseka. Galu wawo Adzaona, amene kuyambira ali mwana ankagona kunsi kwa pikapu, anasiya. Ankagona kukhitchini, ndipo akafuna kupita kuchipata ankalambalala galimoto patali, mchira uli pakati pa miyendo. Machesi amene Yotamu ankasunga pafupi ndi chiwongolero, oyatsira mbaula akagona mumsika, anayamba kusowa. Akagula bokosi lero, mawa palibe. Tomato naye anayamba kufika ku Blantyre ndi vuto. Madengu onse ankafika bwino, kupatula limodzi la pakona ya kuseri kwa dalaivala. Limenelo linkafika litaphwanyika pakati, madzi akuchucha, ngati wina analikhalira ulendo wonse.

"Akundiikira mankhwala," anatero Yotamu kunyumba. "Pali wina sakufuna kuti ndiziyenda."

"Ndani angakuchiteni zimenezo, bambo a Sungeni?"

"Amene amaigwira galimotoyi ndi anthu angati?"

Yotamu anaona kuti masiku amenewo mkazi wake akamasesa pabwalo ankasiya malo a kumbuyo kwa pikapu osasesa, ndipo Lamulungu ankalolera kuyenda pansi kupita kutchalitchi. Zimenezinso anaziika m'thumba lake la zokayikira.

Tsiku lina m'mamawa, nkhungu isanachoke, akubwerera wopanda katundu, anakumana ndi nkhalamba ina ikupalasa njinga m'mbali mwa msewu. Itaona pikapu inatsika panjinga msangamsanga, inavula chipewa n'kuima chowerama mpaka galimoto itadutsa. Yotamu anayang'ana uku ndi uku. Panalibe masamba pamsewu osonyeza maliro, panalibe galimoto ina kumbuyo kwake. Anaseka yekha, koma kusekako sikunamukomere. Ankadziwa kuti galu wamkota sakandira pachabe.

Patsogolo pang'ono mayi wina wa mtanga pamutu anakweza dzanja kufuna matola. Yotamu anaima. Mayiyo anathamangira kumbuyo, anagwira chitsulo kuti akwere, kenako anangouma. Anabwerera chafutambuyo mpaka pawindo, anagwada pang'ono n'kulankhula motsitsa mawu.

"Pepani bambo, sindinadziwe kuti muli pa zovuta. Pitani, ndidikira ina."

"Zovuta zanji, mayi? Kumbuyoko kulibe kanthu."

Mayiyo anayang'ananso kumbuyo kuja, kenako anamuyang'ana Yotamu mmene timayang'anira munthu woledzera pamaliro. Anasenza mtanga wake n'kulowa kanjira ka m'chimanga osacheukanso.

Yotamu anatsika. Kumbuyo kunali lona yopinda ndi chingwe, basi. Koma mphepo itatembenuka anamva kafungo ka fodya wopsa, kochepa kwambiri. Anadziuza kuti ndi utsi wa m'minda, anthu akutentha mapesi. Chimanga chinali chisanaume n'komwe.

Masana omwewo anakamutenga Filimoni.

"Lero mukwere nokha, alamu. Muimve nokha ntchito ya manja anu."

Filimoni sanatsutse. Atafika pa phula, muvi unakwera, kunjenjemera kunayamba.

"Ichotseni m'giya, iziyenda yokha," anatero Filimoni. Yotamu anachotsa, koma inapitiriza kunjenjemera. "Ndiye kuti si injini. Tandilolani ndigwire chiwongolero."

Anagwira, chiwongolero chili phee. Anavula nsapato n'kuponda pansi ndi phazi, anapukusa mutu. Anagwira mpando, anagwira chitseko, akutsatira kunjenjemerako ngati mlenje wotsata mapazi a nyama. Pomaliza anakweza dzanja n'kuika chikhatho kudenga, cha kuseri kwa mutu wa Yotamu. Anachichotsa msanga ngati wagwira mphika wotentha.

"Imani, alamu."

"Mwapeza chiyani?"

"Imani kaye."

Pikapu itaima, Filimoni anatsika n'kuima m'mbali mwa msewu akuyang'ana kumbuyo kopanda kanthu kuja. Anavula kapusi yake ya girisi n'kuigwira pachifuwa.

"Nthenda iyi si ya sipanala," anatero. "Kafunseni kunyumba. Ine ndinalonjeza mlongo wanga kuti sindidzayankhula."

Anakana kukweranso. Anauyamba ulendo wapansi wobwerera ku Lizulu, dzuwa likuswa mtengo.

Kwa Yotamu umenewo unali umboni wokwanira. Munthu ndi mlongo wake ali ndi chinsinsi, chinsinsicho chili pa galimoto yake, ndiye n'chiyaninso china ngati si kuba? Madzulo anamuuza Esinati kuti mawa akasumira Filimoni kupolisi paboma, akafotokoze bwino kumene anagulitsa zitsulo.

Esinati anaika pansi lichero limene anali nalo.

"Bambo a Sungeni, mchimwene wanga akagona m'chitokosi chifukwa cha galimoto iyi, ine panyumba pano mundiiwale."

"Ngati ali wosalakwa mukuopa chiyani?"

"Sindikuopera iye."

Mawu amenewo Yotamu sanawamvetse, ndipo kufunsa kunamukanika chifukwa cha mtima wapachala. Mkazi wake ankamukonda, zimenezo ndikuuzeni poyera. Anamukwatira alibe ngakhale njinga, ndipo za nyumba yopanda Esinati sankafuna n'kuziganizira komwe. Koma anali atanena kale, ndipo Yotamu akanena sabweza.

Kutacha anapeza Esinati ataima pafupi ndi pikapu, chikwama cha zovala chili m'manja. Mwana wawo Sungeni anali atamutumiza kale kwa anansi.

"Mundisiye pamphambano ya kwathu, inu muzipitirira kupolisi kwanuko," anatero. Asanakwere anawerama pang'ono cha kumbuyo kwa galimoto n'kuwomba m'manja mwakachetechete, mmene mkazi amachitira akamadutsa pamene pakhala apongozi.

Ananyamuka. Atafika pa phula Yotamu anaponda mafuta mwaukali, muvi unafika pa eyite, galimoto inayamba.

"Mwaimva?" anatero. "Ntchito ya mchimwene wanu imeneyi."

"Ndaimva. Inu ndi amene simunaimve. Ikani dzanja kudengako."

"Zamasewera ine ayi."

"Ikani, bambo a Sungeni. Mukatero mukasume."

Yotamu anakweza dzanja lamanzere n'kuligunditsa kudenga. Poyamba anangomva kunjenjemera komwe kuja. Kenako anazindikira kuti sikunali kunjenjemera kosalekeza monga chimachitira chitsulo chakutha. Kunkabwera, n'kupuma, n'kubweranso. Chinali chikhatho, chikumenya kunja, chikatopa n'kupumira, kenako n'kuyambiranso. Kamenyedwe kameneko anakadziwa. Phazi linachoka lokha pa mafuta, ndipo liwiro litatsika kumenya kuja kunaleka.

Anaimika pikapu m'mbali mwa msewu.

"Anangozo, munanyamula maliro m'galimoto yanga?"

"Tinanyamula malume anu."

"Ine nditakaniza?"

"Inu mutakaniza. A mpingo galimoto yawo inali itapita kwina. Thupi linali litayamba kuvuta. Mumafuna abale anu ayende m'mudzi monse akunena kuti mwana amene a Biziwiki analera ali ndi galimoto koma malume ake abwera pa ngolo? Ndinapita kwa achimwene ndikulira, iwo anatenga makiyi. Titabwerako anaitsuka mpaka usiku kuti musadziwe. Chitsulo chanu sanabe ngakhale chimodzi."

Yotamu anaweramitsa mutu. Sanayerekeze kuyang'ana pagalasi loonera kumbuyo.

"Nanga ngati munawafikitsa, akufunanso chiyani muno?"

Esinati anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Mwambo wa kwanu mukuudziwa kuposa ine. Womwalira sangonyamulidwa ngati thumba la chimanga. Pokwera amauzidwa, potsika amauzidwanso. Kuchipatala kuja kunalibe mwamuna wa kubanja kwanu, ndiye achimwene ndi amene anawauza. Anagwada pa bokosi n'kunena kuti, malume kwerani, iyi ndi galimoto ya mwana wanu Yotamu, wakutumizirani kuti mupite kwanu mwaulemu, iye mukamupeza kumudzi."

"Filimoni ananena zimenezo?"

"Akanati chiyani? Kuti mwana wanu wakana? Titafika kwa Chikhasu akuluakulu anati woti awauze kuti atsike ndi inu, mwana wa mlongo wawo. Anakudikirani mpaka dzuwa linapendeka. Adzukulu anatopa, anangotsitsa bokosi mwakachetechete. Bokosi linatsika, bambo a Sungeni, koma eni ake palibe anawauza."

Kumbuyo kunamveka kulira kwa sipuling'i, pang'ono chabe, ngati munthu akusintha kakhalidwe atatopa ndi kukhala mbali imodzi.

Pamenepo Yotamu anachita manyazi aakulu, oposa mantha. Masabata onsewo ankawerenga mabawuti, kusaka wakuba, pamene nkhalamba imene inamulera inali pa dzuwa ndi pa mphepo kumbuyo kwake, ikupita ku Blantyre ndi kubwerera, ikudikira mwana amene inauzidwa kuti wachita zaulemu.

Analiza injini n'kutembenuza galimoto. Mphambano ya kwawo kwa Esinati anaidutsa. Njira ya kupolisi anaisiya kumanzere. Anayenda pang'onopang'ono, moti anyamata a kabaza ankamupitirira akumuseka, mpaka analowa msewu wa fumbi wa kwa Chikhasu. Ana amene ankasewera m'mbali mwa njira anasiya masewera n'kuima duu. Amayi a pachitsime anatula zidebe pansi.

Anaimika pansi pa mtengo wa mthethe, pamene pamayambira kanjira ka kumanda. Anatsika, anazungulira kumbuyo, anatsegula chitseko cha katundu n'kuchisiya chili pansi. Kenako anagwada m'fumbi, Esinati atagwada chapatali.

"Malume, tafika kwanu. Tsikani."

Palibe chinachitika. Mphepo inali itasiya, ngakhale njiwa sizinkalira. Fungo la chingambwe linali ponseponse tsopano, lamphamvu ngati munthu akusutira pafupi ndi nkhope yake. Yotamu anabwereza mawu aja, koma pikapu inangokhala chopendekera mbali ya dalaivala, mmene inakhalira masiku onsewo iye osaona.

Anacheukira mkazi wake. Esinati anangoyang'ana pansi. Apa panalibe womuthandiza, ndipo Yotamu anadziwa chimene chatsala.

"Malume," anatero, "galimoto iyi sindinatumize ine. Anandipempha, ndinakana. Ndinaopa kuti tomato wanga sagulidwa. Amene anakuchitirani ulemu ndi mlamu wanga Filimoni ndi mpongozi wanu uyu, ndipo ine ndawatcha akuba. Munandilera, ine ndinakusiyani pakhonde la chipatala. Pepani, malume. Ndabwera mochedwa, koma ndabwera. Kuno ndi kwa Chikhasu, kwanu. Tsikani mukapume."

Anagwadabe pomwepo mpaka maondo anayamba kumupweteka. Kenako sipuling'i ya kumbuyo inalira, pang'onopang'ono, ndipo mbali yopendekera ija inakwera mpaka galimoto inaima mowongoka. Chitseko cha katundu chinagwedezeka kamodzi. Udzu wa m'kanjira ka kumanda unapindika, ngakhale kunalibe mphepo. Yotamu sanadzutse mutu mpaka fungo la fodya litatheratu.

Ataimirira anaona pakona paja timitengo ta machesi topsa, tambirimbiri, titaunjikidwa bwinobwino pamalo amodzi. A Biziwiki sankataya zinyalala m'galimoto ya mwana wawo. Yotamu atationa analira kulira kumene sanalire tsiku la maliro.

Esinati anamusiya alire. Atatha, anamufunsa motsitsa.

"Tsono tikulowera kuti, bambo a Sungeni?"

"Kwa alamu. Kumenekonso ndikagwada." Anayang'ana chikwama cha zovala chija. "Nanga ichi?"

"Chiikeni kumbuyo. Malo alipo tsopano."

Anatseka chitseko cha katundu, anakwera onse awiri, Yotamu analiza injini. Koma sananyamuke. Anakhala atagwira chiwongolero, mtima ukumufunsa ngati nkhalamba ija yapita itakhululuka kapena yangopita.

Inu amene munakwerapo matola mukudziwa zimene munthu amachita akatsika bwino, katundu wake ali pansi, alibe chifukwa ndi dalaivala. Amamenya m'mbali mwa galimoto kuti iziyenda.

Kumbuyo, mbali ya kanjira ka kumanda, chikhatho chinamenya chitsulo kawiri, mofatsa.

Yotamu anaika giya n'kunyamuka. Kuchokera tsiku limenelo pikapu ija sinanjenjemerenso, ngakhale kuti zimenezi n'zovuta kutsimikiza, chifukwa palibe anamuonanso Yotamu akufika pa eyite. Sonkhezani motowo, ndipo amene mukuyenda wapansi kubwerera kwanu muyende awiriawiri.